Chigumu cha pa Kachulu

M'nyumba mwanga, pamwamba pa kabati, pali pulayimasi yakale imene idaleka kuyaka zaka zambiri zapitazo. Adzukulu anga akabwera kutchuthi amandifunsa chifukwa chimene ndimasungira chitsulo chakuda ndi mwaye chotere. Mayi a kunyumba nawonso adayesapo kangapo kuti aigulitse kwa anyamata ogula zitsulo zakutha, koma ine ndidakanitsitsa. Pulayimasi imeneyi idaona tsiku limene ndidachita manyazi pamaso pa ana anga a sukulu. Pa tsiku lomwelo mpamene ndidaphunzira kuphika chigumu paulendo popanda kupsereza, ndipo amene adandiphunzitsa adali munthu amene sindinkamuyembekezera.

Ambiri a inu achinyamata simudaioneko pulayimasi, choncho ndiyambe ndafotokoza. Ndi kachitofu ka palafini kamiyendo itatu. Pansi pake pali kathanki ka mkuwa, ndipo pambali pali kapampu. Munthu akapopa, mpweya umakankha palafini kuti akwere m'mwamba, kumene amatentha n'kusanduka nthunzi. Nthunziyo ndiyo imayaka ndi moto wopanda utsi, wolira ngati mphepo ya mwera. Chitofu chotere chidapangidwa koyamba ku Sweden m'chaka cha 1892, ndipo anthu oyenda maulendo ataliatali adachikonda chifukwa n'chosavuta kunyamula. Kwathu kuno mphunzitsi, kalaliki kapena munthu wochokera ku Joni amene adali ndi pulayimasi ankapatsidwa ulemu. Ine yanga ndidagula ndi malipiro anga oyamba nditangotuluka ku koleji ya aphunzitsi, ndipo ndinkainyadira koposa.

M'chaka cha 1995 ndinkaphunzitsa Sitandade 8 pa sukulu ina ya kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, m'boma la Zomba. Nyanja ya Chilwa ndi yachiwiri kukula m'dziko muno. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imathira madzi ake m'menemo, koma palibe mtsinje wotulukamo. N'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono. Ndi nyanja yosaya, kotero kuti mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana, dzuwa limaimwa mpaka kuitha. Mvula idavuta mu 1992, idavutanso m'dzinja lolowa 1995, ndipo pofika chilimwe cha chaka chimenecho nyanja idali ikuthawa tsiku ndi tsiku. Akuluakulu ankati zoterezi adazionapo mu 1968. Ana anga adali asanazionepo, ndipo ine ndidaganiza kuti phunziro lotere siliyenera kungolembedwa pabolodi. Ndidapempha chilolezo kwa a hedimasitala ndi kwa makolo kuti nditenge anyamata 10 a m'kalabu yathu ya zachilengedwe, tiyende wapansi masiku atatu mpaka tikafike pa chilumba cha Chisi.

Aliyense adanyamula katundu wake kumsana: chofunda, mkeka wopinda, chigubu cha madzi ndi kathumba ka chakudya. Makolo adasonkha mbale imodziimodzi ya ufa wa mgaiwa. Wina adapereka nthochi zakupsa zokulunga m'masamba ake, wina ndiwo zofutsa. Ine ndidagula shuga, soda, mchere ndi kabotolo ka mafuta ophikira. Owerenga, mudziwe kuti chaka chimenecho mbale ya ufa sichidali chinthu chaching'ono. M'makomo ambiri nkhokwe zidali gwa, zopanda kanthu, ndipo ena ankadya kamodzi patsiku. Mayi wina pondipatsa ufa wa mwana wake adati, "Aphunzitsi, umenewu ndi wa mawa wa azing'ono ake, koma tengani popeza ndi za sukulu." Ufawo ndidaulandira ndi manja awiri. Pamwamba pa katundu wanga ndidamangirira pulayimasi ija pamodzi ndi mapoto awiri, lalikulu ndi laling'ono.

Tidanyamuka kusanatenthe. Tidadutsa m'minda ya mpunga ya ku Likangala, imene idali itang'ambikang'ambika ndi dzuwa, phiri la Mpyupyu tikuliona chapafupi. Dzuwa litapendeka tidafika pa doko la Kachulu. Doko lidalipo dzina lokha. Mabwato adali atagona chammbali pamatope ouma, ndipo kumene kunkakhala madzi kudali chigwa chotuwa chofika mpaka kumapiri a Chisi. Asodzi ochepa amene adatsala ankagwira milamba m'zithaphwi ndi kumathiriro a mitsinje, n'kumaiwamba pamoto. Matemba ndi makumba zidali zitasowa. Anthu ankapita ku Chisi wapansi, ndipo ifenso tidapangana kuchita chimodzimodzi m'mawa mwake.

Pakati pa nyanja youma palibe mthunzi, palibe nkhuni, palibe madzi ophikira. Tsono tidagwirizana kuti titatha kudya nsima ya madzulo, tiphikiretu zigumu ziwiri zoti zikhale kamba wa tsiku lonse lotsatira. Ufa wotsala tidaugawa pawiri. Ndivomere pano kuti ine ndidali ndisanaphikepo chigumu chibadwire. Ndidakula m'nthawi imene mwana wamwamuna akapezeka kukhitchini ankasekedwa. Ndinkangoona amayi anga, ndipo pambuyo pake akazi anga, akusakaniza ufa, nthochi ndi soda, ndiye ndinkati m'mtima mwanga palibe chovuta. Ndidakanya nthochi, ndidathira ufa, shuga, mchere, soda ndi madzi, n'kudzaza poto laling'ono lija mpaka m'khosi. Kenaka ndidapopa pulayimasi mwamphamvu kuti anyamata aone mmene imalirira, ndipo ndidatereka poto pamoto mwachindunji.

Pakati pa anyamatawo padali mmodzi amene ankakhala kumbuyo kwenikweni m'kalasi. Adali mwana wa msodzi, wamkulupo kuposa anzake, ndipo Sitandade 8 ankaibwereza. Ankajomba kawirikawiri nthawi ya matemba, ankalemba mochedwa, ndipo ndikamufunsa funso ankangoyang'ana pansi. Ine ndinkamudzudzula pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina ndi mawu amene lero ndimachita nawo manyazi. Mnyamata ameneyu adasendera pafupi nane, adagwada, n'kunena chapansipansi kuti, "Aphunzitsi, pepani, motowo wachuluka."

Ndidamuyang'ana ndi diso lija ankalidziwa. "Iwe," ndidatero, "kodi pulayimasi udayamba waigwirapo chibadwire? Kakhale pansi uko."

Adabwerera mwakachetechete. Sipadapite mphindi 10, fungo lidasintha. Poyamba lidali lokoma, la nthochi yootcha, koma posakhalitsa lidasanduka lowawa, ndipo utsi udayamba kutuluka m'mbali mwa chivindikiro. Nditavundukula ndidapeza pansi ndi m'mbali muli bii ngati makala, pamene pakati padali phala losapsa n'komwe. Ndidayesa kutembenuza, koma chidakanirira kupoto. Theka la ufa wa makolo aja lidathera pamenepo.

Anyamata akadaseka, mwina zikadandipepukira. Palibe adaseka. Onse adangoti zii, kuyang'ana potolo, chifukwa aliyense ankadziwa kumene ufawo udachokera. Wamng'ono pa onse adatenga supuni n'kuyamba kupala zopsererazo kuti aone ngati mungapezeke chodyeka. Ine ndidakhala pamkeka, mawu a mayi uja akulira m'makutu mwanga. Ufa udatsala wa chigumu chimodzi chokha. Ndikadaupserezanso, ulendo wa ku Chisi ukadathera pomwepo, pakuti sindikadayenda ndi ana a eni padzuwa la mwezi wa Okutobala opanda kanthu m'mimba. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Langa ndidali nditadya kale, ndipo sindidafune kuonjezera.

Ndidamuitana mnyamata uja. "Kodi iwe umadziwa kuphika chigumu?"

"Pang'ono, aphunzitsi. Amayi amagulitsa zigumu padoko, ndiye ndimawathandiza. Abambonso akakhala pachimbowera ndimawaphikira."

Zimbowera ndi timisasa timene asodzi a ku Chilwa amamanga pamwamba pa njedza zoyandama, kumene amakhala milungu ingapo osaponda mtunda. Munthu wophika pamalo otere, pamene nyumba yake yonse ndi udzu, amayenera kuudziwa bwino moto. Ndidamupatsa ufa wotsalawo, n'kunena kuti, "Phika. Ine ndikhala wothandiza wako." Anzake adayang'anana, koma iye adangodzuka n'kuyamba ntchito.

Choyamba adatsuka poto lalikulu lija tidaphikira nsima, n'kuliumitsa. Adatuma anzake awiri kukatapa mchenga wouma kumtunda, ndipo adawachenjeza kuti asatenge dothi lachinyezi. Mchengawo adauyala pansi pa poto, kuya kwake ngati zala ziwiri zogundana. Pamwamba pa mchenga adakhazika timiyala titatu tosalala, ngati mafuwa aang'ono. Adati miyala yochokera m'madzi njosayenera chifukwa imaphulika ikatentha. Kenaka adandipempha kuti ndiyatse pulayimasi, koma ndimasule pang'ono kotulutsira mpweya kuti moto utsike. Ndidamasula mpaka kulira kuja kudasanduka kunong'ona. Adatereka poto la mchengalo lili lovindikira kuti liyambe latentha lokha, ndipo adaunjika katundu wathu chapatali pang'ono, kumbali yochokera mphepo, kuti moto usamapendekere mbali imodzi.

Poto laling'ono adalikwecha ndi mchenga mpaka zopserera zonse zidachoka. Adalipaka mafuta, ndipo pansi pake adayalapo tsamba la nthochi limene adayamba walifewetsa pamoto. Posakaniza, soda adamuthira pomalizira penipeni, poto lalikulu litatentha kale. Sadadzaze poto monga ndidachitira ine. Adalekeza pakati, nati chigumu chochindikala kwambiri chimapsa kunja kokha, ndiponso chimafuna malo okwerera. Zotsala adazisunga kuti aziphike ulendo wachiwiri. Atatero adakhazika poto laling'ono pa timiyala tija, m'kati mwa lalikulu, mosamala kuti mapoto awiriwo asagundane paliponse.

Chidatsala ndi moto wa pamwamba. Adatenga kalata kakale kamene adatola padoko, adathamangira kwa msodzi wina amene ankawamba milamba, n'kumupempha makala amoto. Adavindikira poto lalikulu ndi chivindikiro chake, ndipo makalawo adawayala pamwamba, ambiri chakumphepete, ochepa pakati, n'kuwazapo phulusa pang'ono kuti asanyeke msanga. Ndidamufunsa chifukwa chake. Adayankha kuti, "Amayi amati chigumu chimafuna moto wambiri kumutu, wochepa kumapazi."

Tidadikira. Mphindi zingapo zikapita iye ankazunguza poto pang'ono ndi kansalu kuti mbali zonse zilandire moto mofanana. Ine mtima udali m'mwamba, ndipo kawiri konse ndidatambasula dzanja kuti ndivundukule. Kawiri konsenso iye adati, "Aphunzitsi, musatsegule, kutentha kuthawa. Mphuno ndiyo itiuze." Patapita pafupifupi mphindi 45 fungo lidafika, lokoma ndi lokhazikika. Adachotsa makala mosamala kuti phulusa lisagweremo, adabaya pakati ndi kabango koyera, ndipo kadatuluka kouma. Adazimitsa pulayimasi n'kusiya chigumucho kuti chipume m'poto kanthawi. Pochikhuthula chidatuluka chathunthu, chofiirira pamwamba ndi pansi pomwe, chopanda banga lakuda ngakhale limodzi. Anyamata adaomba m'manja. Chachiwiri chidatulukanso chimodzimodzi.

Usiku umenewo udzudzu udandilola kugona pang'ono chabe, ndipo ndidaganiza zambiri. Chimene chidandipweteka n'chakuti zonse zimene mnyamatayo adachita zidali m'maphunziro a sayansi amene ine ndemwe ndinkaphunzitsa. Poto la aluminiyamu ndi lopyapyala ndipo limadutsitsa kutentha mofulumira kwambiri. Tikamaphika nsima kapena ndiwo, madzi amateteza chakudya, chifukwa madzi owira sapitirira madigiri 100, komanso mthiko umazunguza chakudyacho kuti chisakhale malo amodzi. Chigumu sichitakasidwa. Chimakhala phee pamalo amodzi, ndipo shuga ndi nthochi zimene zili m'menemo sizichedwa kupserera. Lawi la pulayimasi ndi lotentha kuposa madigiri 1,000 ndipo limamenya malo amodzi, pamene chigumu chimafuna madigiri pafupifupi 180 ochokera mbali zonse, monga zimakhalira mu uvuni. Mchenga umalandira kutentha pang'onopang'ono, umakusunga ndi kukumwaza. Timiyala tija timasiya mpata woti mpweya wotentha uzizungulira poto lam'kati. Makala a pachivindikiro amabweretsa kutentha kumene lawi la pansi silingafike. Soda naye akakumana ndi madzi ndi kuwawasa kwa nthochi amatulutsa mpweya umene umafufumitsa chigumu, ndipo ukachedwa kuika pamoto mpweyawo umathawa. Mwana amene ndinkamuyesa wosamva adamanga uvuni ndi mapoto awiri, mchenga ndi miyala itatu. Ine mwini mabuku ndidapsereza ufa.

M'mawa kusanache tidauyamba ulendo wa pakati pa nyanja. Pansi padali poyera ndi mchere, ndipo ming'alu ina inkalowa phazi lonse. Tidaona zigoba za nkhono ndi mafupa a nsomba mbwee. Dzuwa litakwera fumbi lidayamba kuyabwa m'maso. Titafika pa Chisi tidakhala pansi pa mtengo wa mlambe n'kugawana zigumu zija. Zidali zochepa kwa anthu 11, popeza theka la ufa ndidali nditaliwononga, koma aliyense adalandira chidutswa chomufikitsa madzulo. Pogawa ndidampatsa mpeni mnyamata uja kuti adule ndiye. Pamaso pa anzake onse ndidati, "Dzulo udandichenjeza, ine sindidamve. Undikhululukire." Iye adayang'ana pansi monga mwa chizolowezi chake, nati, "Palibe kanthu, aphunzitsi."

Titabwerera kusukulu ndidamusamutsa kuchoka kumbuyo n'kumuika kutsogolo. Ndidazindikira kuti ndikamufunsa modekha, n'kumupatsa nthawi, ankayankha bwino, makamaka pa zinthu zimene adazigwirapo ndi manja. Ndidayamba kuona kuti kaphunzitsidwe kanga kadali ngati kaphikidwe kanga ka pa Kachulu. Ndinkapopa moto waukali kumbali imodzi, n'kumadabwa kuti chifukwa chiyani ana ena akupserera kunja pamene m'kati simudalowe kanthu. Sindingakunamizeni kuti zonse zidatha bwino. Kusintha kwanga kudabwera mochedwa, mayeso atayandikira, ndipo mnyamatayo sadasankhidwe kupita kusekondale. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti zikadakhala bwanji ndikadatsitsa moto wanga zaka ziwiri m'mbuyo mwake.

Madzi adabwerera m'nyanja mvula itagwa bwino, ndipo mu 1996 Chilwa idalembedwa pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo ofunika pa dziko lonse. Mu 2018 nyanja idaphwanso kwambiri, ndipo ndidapita ku Kachulu kuti ndikaone. Kumeneko bambo wina wa imvi zoyamba adandigwira mkono, nati, "Aphunzitsi, mwandiiwala?" Adali yemwe uja. Adali ndi kanyumba kogulitsiramo tiyi, ndipo ana ake awiri adali kusekondale. Adandikhazika pabenchi n'kundipatsa tiyi ndi chigumu, ndipo ndalama yanga adaikana. Ndidatembenuza chigumucho kuti ndione kunsi kwake. Iye adaona zimene ndikuchita, ndipo tonse awiri tidaseka mpaka misozi.

Masiku ano pulayimasi zidasowa. Anthu okwera mapiri a Mulanje ndi Zomba amanyamula timachitofu ta gasi, ndipo ambiri a ife paulendo timadalira mbaula ya makala kapena mafuwa. Zida zasintha, koma khalidwe la moto silidasinthe. Inu amene mudzanyamule katundu kumsana, kaya ndi ulendo wa kalabu, wa mpingo kapena wa kumunda wakutali, kumbukirani zimene ndidaphunzira pa Kachulu. Poto la chigumu kapena la sikono lisakhudze lawi. Pakati pake pakhale mchenga wouma ndi mpata wa mpweya. Moto wa pansi ukhale wochepa, wa pamwamba ukhale wochulukirapo. Pa mbaula, dikirani makala ayambe ayera ndi phulusa, kenaka muchotse ambiri n'kuwaika pachivindikiro. Musadzaze poto, musavundukulevundukule, ndipo mutchinge mphepo. Musaphikire m'tenti kapena m'chipinda chotseka, chifukwa makala ndi palafini zimatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Pochoka zimitsani moto ndi madzi kapena dothi, pakuti bango ndi udzu wa m'chilimwe sizichedwa kugwira moto. Kuphika kotere kumasunganso nkhuni, zimene m'mbali mwa Chilwa zikusowa chaka ndi chaka.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine mwambi umenewu ndidauphunzitsa kwa zaka zambiri ndisanaumvetse. Adzukulu anga akafunsa za pulayimasi ya pakabati, ndimawatuma kukatapa mchenga wouma ndi kutola timiyala titatu, kenaka timakoleza mbaula kuseri kwa nyumba. Wamng'ono pa onse ndiye amayang'anira moto, ndipo akanena kuti, "Agogo, wachuluka," ine ndimachotsa makala msangamsanga.